Munda wa pakati pa malata awiri

Chaka chimene ndinali kalasi yakhumi ku Chifunde, bambo anga anaganiza zondisiyitsa sukulu kuti ndizilima kwathu ku Mualadzi. Mkulu wanga anali atapita ku Cassacatiza kukapachira katundu m'malole, khasu lake likungodyedwa ndi dzimbiri. Nditafika pa tchuthi anandiuza ali chilili kuti sindibwereranso.

Ine pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinati, "Bambo, kusukulutu tikuphunzira za munda."

Sindinaname, ndikulumbira. Mwezi wonse aphunzitsi athu a Fizika, amene kwathu timati apulofesoli, ankatiphunzitsa za kampu ya magetsi, ndipo kampu m'Chipwitikizi ndi munda.

"Munda wanji?"

"Wa magetsi. Umakhala pakati pa malata awiri oyang'anizana."

"Ngwaukulu bwanji?"

"Zimatengera malatawo."

"Nthaka yake?"

"Njofanana paliponse. Palibe pachonde, palibe pouma."

Kenaka anati, "Pita. Lachisanu ndibwera kudzauona. Ndikapanda kuupeza, tibwerera tonse pa njinga."

Sabata imeneyo sindinakhale pansi. Ndinkachoka kusukulu kupita kumsika, kumsika kupita kuchipatala, osagula kanthu, osadwala. Ndinayenda mpaka njira inakumbika, ndipo wokayika akaone, lero mvula ikagwa madzi amadutsa m'menemo. Ndinaganiza zobwereka dimba la munthu n'kuimikamo malata, koma bambo anga amazindikira dimba la eni ndi fungo lokha. Lachinayi ndinakaulula kwa apulofesoli.

Sanaseke. Anati, "Wauza akulu kuti tili ndi munda? Basi, tilime."

Anatenga chomenyera udzudzu chamagetsi chija amagulitsa pamsika, n'kuchitsegula, n'kutulutsamo mawaya awiri. Anadula tizidutswa tiwiri ta lata, waya uliwonse kachidutswa kake, n'kutiimika moyang'anizana m'mbale yapulasitiki, pakati n'kusiya mpata wa zala ziwiri. M'mbalemo anathiramo mafuta a nsatsi, pamwamba n'kuwazapo njere za udzu. Ndinafunsa ngati zigwire ntchito. Anati mwina.

Bambo anafika Lachisanu masana, fumbi mpaka m'nsidze, khasu atalimangirira pa keliyala ya njinga kuti ayese nthaka.

"Wawa apulofesoli. Ndadzera munda."

"Ndi uwu, bambo," anatero apulofesoli akuloza mbale.

Bambo anayang'ana mbale, anayang'ana ine. Thukuta langa linatsika n'kudzaza nsapato zonse ziwiri. Ndinakhuthula ndekha, ndiye ndikudziwa.

Apulofesoli anadina batani. Poyamba palibe chinachitika, ndipo ndinayamba kuwerenga m'mutu zitunda za mseu wa ku Mualadzi. Kenaka njere zija zinayamba kutembenuka, imodzi imodzi, n'kugwirana mutu ndi mchira kuchokera lata ili kukafika lata ilo.

"Lata ili ladzaza magetsi a mtundu wina, ili a mtundu wotsutsana nawo," anafotokoza apulofesoli. "Pakatipa pali mphamvu yosaoneka yochoka uku kulowera uku. Njerezi zikungoitsata."

Bambo sankamvera. Anali atawerama, mphuno pafupi kulowa m'mafuta.

"Mizere yake njoongoka," anatero. "Kutalikirana kwakenso n'kumodzi. Ameneyu wakoka chingwe." Anasuntha maso. "Koma kumapetoku yakhota."

"Ndi mmene imakhalira kumphepete, bambo."

"Ndikudziwa. Kumalire aliyense amaba."

Tisanawaletse, anapisa chala kuti amve nthaka, monga amachitira m'munda uliwonse wachilendo. Kunamveka kuti thwa! Anadumpha mpaka chipewa chinakagunda denga, ndipo chinatsika patapita mphindi ziwiri. Amene analipo ndi mboni, kungoti tinalipo atatu, ndipo awiriwo sakonda kuikamba nkhaniyi.

Bambo anayamwa chala. "Uli ndi mwini wake munda umenewu."

Anatsazika apulofesoli mwaulemu wonse n'kutuluka. Ndinawatsata, miyendo ikufuna kuthawira kwina. Pa njinga anayamba kumasula khasu, ine n'kudziwa kuti akukonza pokhala ine. Analimasula, n'kulitembenuza, n'kulimanganso bwinobwino pomwepo.

"Iwe, wandipusitsa, usayese sindinaone."

"Ndi Chipwitikizi, bambo."

"Chipwitikizi cha amako. Tamvera. Ine ndalima kuyambira ndisanamere mano, koma mzere woongoka osagwira khasu sindinauonepo. Utsale. Ukadziwa amene akuongola mizere imeneyo, udzandiuze, ndikufuna ndicheze naye."

"Nanga kupalira?"

"Ndipalira ndi amako. Koma ukalephera mayeso, ukalima ndi mano."

Anakwera n'kunyamuka, akuwongolera ndi dzanja limodzi, chala chija atachiimika m'mwamba. Anthu a m'njira ankayesa akuwapatsa moni, ankawayankha. Amayi amati chinafika ku Mualadzi chili chiimire, ndipo anachitsitsa Lamulungu kutchalitchi, pofuna kutsegula buku la nyimbo.