Mayi Adyo

Dzina lakuti Mayi Adyo sanachite kulipempha. Anawapatsa ndi woyendetsa basi imene ankakwera poweruka, bambo wamwano amene akangowaona ankatsegula mawindo onse ngakhale kukugwa mvula. Chikhalirecho mayiwa adyo sankadya n'komwe. Fungolo linali la kuntchito.

Ankagwira ntchito mu labotale, kachipinda ka matebulo awiri, sinki, ndi kabati yagalasi yokhala ndi fani yokokera nthunzi kudenga. M'kabatimo ndi mmene ankalumikizira ufa wotuwa wotchedwa seleniyamu ndi kaboni, pofunafuna mankhwala oteteza maselo a m'thupi kuti asamaonongeke msanga. Mukawafunsa za seleniyamu ndiye mwaziputa dala, tiyi wanu azizira. "Kanthuka n'kodabwitsa," ankatero. "Kakasowa m'thupi, mtima ndi minofu zimafooka. Kakachuluka, tsitsi limathothoka, zikhadabo n'kumathetheka. Kali ngati mchere m'ndiwo." Koma kununkha kwake, abale inu, musanene.

Ntchitoyi anaikonda ali pasukulu, tsiku limene anaona ufa wotuwa ukusungunuka n'kusanduka madzi achikasu m'botolo. Amuna awo, ometa anthu tsitsi pamsika, fungolo analizolowera. Ankangoseka kuti chikwatirire udzudzu sunawalumeko.

Amene sankaseka ndi mwana wawo wa zaka zinayi, amene ankamutcha Kachiwala chifukwa chosakhazikika. Kale akamva chitseko ankathamanga n'kudziponya pamiyendo pa amake. Koma chaka chimenecho anayamba kuima patali, kadzanja pamphuno, n'kukabisala kumbuyo kwa atate ake. Zimenezi zinawapweteka mayiwa kuposa mwano wa m'basi. Mwana wobereka wekha kumakuthawa!

Anayesa zonse. Zovala za kuntchito ankazisiya komweko. Ankasamba kawiri, sopo n'kumatha ngati akudya. Mpaka anakhala pampando wa amuna awo kuti awamete, poganiza kuti fungolo limabisala m'tsitsi. Koma ayi ndithu, Kachiwala osayandikira. Mumtima anayamba kunena kuti ngati n'kusankha, ntchitoyo aisiya, ngakhale akaiganizira misozi inkalengeza.

Tsiku lina Lamlungu, atasamba n'kuvala diresi latsopano limene linali lisanapondeko kuntchito, anagwada pabalaza n'kutambasula manja.

"Bwera, mwanawe. Tanunkhiza, lero kulibe."

Mwanayo anafika pafupi, n'kubwereranso chafutambuyo. "Si diresi, amayi. Ndi mukamalankhula."

Apa m'pamene Mayi Adyo anakumbukira. Kodi si iwo omwe ankaphunzitsa ophunzira obwera ku labotale kuti seleniyamu ikachuluka m'thupi, thupi limaisandutsa mpweya wonunkha adyo n'kuitulutsira m'kamwa? Miyezi yonseyi ankachapa zovala, pamene chinthucho chinali m'magazi. Iwo ndi mnzawo wa patebulo lachiwiri mphuno zinali zitafa kalekale. Fungo likachuluka m'chipindamo sankadziwa, ndipo wina akadandaula ankangoti, "Mwafika kwa eni ake, pirirani."

Lolemba sanavale n'komwe magolovesi. Anang'amba kapepala kopyapyala n'kukagwira pakamwa pa kabati ija. Fani inkalira bwinobwino monga mwa masiku onse, koma kapepalako kanangoti lende, osagwedezeka. Wokonza makina atakwera padenga anapeza lamba wa fani ataduka, injini ikungozungulira yokha. Nthunzi yonse ankaimeza ndi iwo.

Kuchipatala anawayeza magazi onse awiri, iwo ndi mnzawo uja. Seleniyamu inalidi yochuluka, koma adokotala anati aitulukira nthawi yabwino, thupi liichotsa lokha akapuma kaye. Mayi Adyo anakhala pakhomo masabata angapo, akutopetsa amuna awo ndi mafunso akuti, "Nanga lero?" Ometawo ankanunkhiza modzipereka n'kuyankha kuti, "Kwatsala ka supuni imodzi." Pang'onopang'ono Kachiwala anayambanso kukhala nawo pampando umodzi.

Koma mayeso enieni anali tsiku lobwerera kuntchito. Kabati inali itakonzedwa, ndipo pakamwa pake anamatapo kansalu kuti aliyense aziona ndi maso kuti ikukoka. Tsiku lonse ankangokayang'ana kakupepheruka. Madzulo atafika pakhomo anaima kunja, chikwama m'manja, akuopa chitseko cha nyumba yawo yomwe. Anali atatsimikiza kuti mwana akathawanso, mawa sapitako.

Anatsegula. Kachiwala anasiya galimoto yake yapulasitiki n'kubwera mwaulemu ngati wapolisi wa pamsewu.

"Tagwadani. Nenani kuti aaa."

Anagwada n'kunena kuti aaa. Mwanayo analowetsa mphuno pafupifupi m'kamwa mwenimweni, anakoka mpweya, n'kuganiza kaye.

"Mwadya nthochi osandisungirako!"

Asanayankhe, mwanayo anali atawadumphira kale m'khosi, onse awiri n'kugwera pa nsapato za pakhomo.