Udzu umene amayi anasankha ku Rivirivi

Tinali ndi beseni la malata lobooka pansi, lotayira phulusa. Ndilo ndinasenza pokafuna udzu, chilimwe cha chaka chimene ndinayamba sukulu.

Ndinayamba mochedwa, mawu atayamba kale kusintha. M'kalasi ndinkakhala kumbuyo kuti ndisatchinge tiana, ndipo tianato tinkanditcha agogo. Sindinkasamala. Ndinali nditangodziwa kulemba dzina langa, ndipo ndinkalilemba paliponse, ngakhale pa mwendo wotuwa ndi kamtengo.

Tinkakhala ku Balaka, kumene abambo ankanyamula mabelo a thonje. Chaka chimenecho anakwatira mkazi wachiwiri, n'kumumangira nyumba kuseri kwa yathu. Amayi sanakangane ndi munthu. Anangotumiza uthenga kwawo kwa Kawinga, amalume n'kubwera pa njinga. "Konzekani, chemwali," anatero. "Ndidzakutengani mvula isanagwe, mukalime kwanu." Mwana ndi wa kwa amayi ake, choncho ulendowo unali wanganso. Koma kumudziko sukulu inali kutali, ndipo anyamata amsinkhu wanga ankapita ku Chiuta kukagwira nsomba. Ndinadziwa kuti tikangonyamuka, zolemba zathera pomwepo. Sindinawauze amayi kanthu, koma chakudya chinasiya kulowa.

Masiku omwewo aphunzitsi, munthu wokonda zokongola, anandandalika miyala yopaka laimu kutsogolo kwa kalasi, natiuza kuti aliyense abweretse udzu wokongoletsa m'mphepete mwa maluwa. Sankafuna wofolerera nyumba kapena kapinga wa pabwalo la mpira. Ankafuna womera m'magulu ngati mpunga, wa masamba obiriwira moderako.

Ine ndinathamangira pamene panapsa tchire n'kuzula msipu wowala. Amayi anausuzumira m'beseni muja. "Uwu ndi ndiwo za mbuzi. Ukuwala chifukwa wamera dzulo." Anaukhuthula, natenga khasu, n'kundiuza kuti nditsogole.

Tinapita ku mtsinje wa Rivirivi dzuwa lili pamutu. Mchenga unkawotcha mapazi, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa. Madzi anali atatsala m'zithaphwi zonunkha matope. Ndinaloza udzu wonenepa wa m'mbali mwa chithaphwi, amayi anapukusa mutu. Uwo, anati, ukubiriwira chifukwa mizu ili m'madzi, ndipo ukauchotsa pamenepo sufika mawa. Anati udzu umasankhidwa chilimwe, pakuti m'dzinja uliwonse umanamiza. Anakwera kumtunda, pansi pa mkuyu, pamene dothi linali litang'ambika. Pamenepo panali udzu wa masamba aatali, opyapyala, obiriwira mpaka kuoneka ngati akuda. Anathothola tsamba, nalifinya pakati pa zala, nandionetsa chinyezi. Kenaka anakumba mozama, kutulutsa mizu ndi dothi lake lomwe.

Beseni litadzaza, anavula chitenje chapamwamba, nachiyala pansi, n'kupitiriza kukumba. Ndinafunsa kuti winawo ndi wa ndani. "Yenda, dzuwa latentha," ndi zokhazo zimene anayankha.

Wanga ndinakapereka kusukulu. Wa m'chitenje anaudzala m'mbali mwa khonde lathu, ndipo tsiku lililonse ankauthirira madzi otsukira mbale. Ndinkaima n'kumaonerera. Chiyembekezo chinabwera, koma ndinkaopa kufunsa, kuopa kuti yankho lingachiphe. Lero ndine nkhalamba, ndipo ndikuona kuti mantha anga sanali okhawo. Ndinkaopanso kumva kuti akudzala udzuwo chifukwa cha ine.

Amalume anafika mitambo itayamba kusonkhana kum'mawa. Anaima pabwalo atagwira njinga, maso ali pakhonde.

"Chemwali, munthu wa paulendo amadzala udzu?"

"Iyayi, achimwene."

"Ndiye ndapalasira chiyani kuchokera kwa Kawinga? Kudzaona dimba la udzu? Mbuzi zake zili kuti?"

"Mwanayu wayamba kulemba."

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chimunthu chonsechi, chofunika kuchifunira mbeta?" Anaseka, koma ataona nkhope ya amayi kuseka kunazima. Anatsamiritsa njinga pamtengo, nakhala pa mkeka, namwa thobwa mwakachetechete. Potsanzika anangoti munda wa amayi kumudzi aziulima iwo, ndipo tsiku limene amayi adzatope adzangotumiza mawu.

Sindingathe kufotokoza kupepuka kumene ndinamva. Zinali ngati munthu wanditula thumba la chimanga limene ndinalisenza mwezi wathunthu. Njala inabwerera nthawi yomweyo. Ndinazungulira nyumba ndikudumpha, chimnyamata chachikulu, mpaka nkhuku kubalalika. Chilichonse chimene ndadya pa moyo wanga chinachokera pa tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikalikumbuka ndimapuma mozama. Amayi sanatumize mawu aja. Anakhala pakhomopo mpaka ndinamaliza sukulu, ndipo panthawiyo miyendo yawo inali itayamba kutupa.

Koma madzulo amenewo ine ndinkangoona chimwemwe changa. Amayi anaperekeza amalume mpaka pamsewu, ndipo njinga itazimiririka m'fumbi, iwo anaimabe pomwepo, manja ali kumbuyo, akuyang'ana njira ya kwawo. Ndinaganiza kuti aiwala kupereka moni wopita kwa agogo kumudzi. Ndinawakoka dzanja, kuwauza kuti tiyeni kunyumba mukandipatse chakudya. Ndinkayesa kuti tapulumuka tonse awiri.