Kaseti Yakuda ndi mabatire otha

Ndikukumbukira zenera la pabalaza pathu ku Sadzi, lija linkayang'ana kuphiri. Pazenera limenelo sipankaikidwa kapu, chipeso ngakhale chigongono cha mwana. Panali pamalo pa makaseti asanu a abambo, ondanda kuyambira yopambana mpaka yotsalira.

Amene anawasiyira makasetiwo anali mzungu wina wa zankhalango amene abambo ankamuphikira pamwamba pa phiri. Onse anali a munthu mmodzi, woimba gitala wa tsitsi lofika m'mapewa, amene akuti anachoka m'gulu la anzake n'kuyamba kuimba payekha. Nyimbo zake zinalibe mawu. Imodzi inkayamba amayi akupita kumpopi, n'kudzabwerako isanathe. Ukati uvine, inkasintha njira mwendo uli m'mwamba. Amayi ankati bamboyo akungoyesa gitala, tsiku lina adzayamba kuimba.

Mayina a makasetiwo ankatipinda lilime, choncho tinkangotchula mitundu ya zikuto zake. Yofiira ndiyo inali patsogolo. Yakuda inali kumapeto, pamene pankadontha mvula ikagwa.

Kwathu kunalibe magetsi, ndipo mndandandawo unali ndi lamulo lake. Mabatire atsopano, ogula pakutha pa mwezi, ankayambira Yofiira. Akayamba kufooka inkalowa yachiwiri, kenako yachitatu. Yakuda inkalandira mabatire oti tawayanika kale padenga mpaka atopa, moti inkangobuula ngati ng'ombe yodwala. Ine, mwana wamkazi woyamba m'nyumbamo, ntchito yanga inali yobweza tepi ndi cholembera kuti wailesi isawononge mphamvu. Mkono unkachita kuwawa, koma ndinkanyada nayo ntchitoyo.

Lamulungu lililonse masana kunkabwera a Jafali, telala wa ku Chinamwali, mnzawo wa abambo kuyambira ali anyamata. Ankafika panjinga ndi zitumbuwa m'kapepala, malaya akununkha mafuta a makina. Iwowa anasokapo makatani kunyumba ya mzungu uja, ndipo kumeneko, pa magetsi, anaimva Yakuda.

"Achimwene, Yakuda ija ndiye nyimbo," ankatero. "Zinazi n'zongosangalatsira ana."

Abambo ankaiika kaseti ija pa mabatire ake otha aja, n'kutambasula manja kuti aliyense adzimvere yekha. Mkanganowo unkatha ndi tiyi, ndipo sabata yotsatira unkayambiranso pomwepo.

Tsiku lina kunali alendo a kutchalitchi, ndipo abambo anafuna kuseketsa anthu. Ananena kuti makutu a telala anatha kalekale ndi phokoso la makina, moti ngakhale chitseko chikalira amati ndi nyimbo. Alendo anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkayenerera. A Jafali anamwetulira, anasiya tiyi wosatha, n'kukankha njinga yawo. Lamulungu lotsatira sanabwere, linzakenso ayi.

Abambo ankati palibe kanthu, munthu wosamva nyimbo sasowedwa. Koma gitala ya mu Yofiira ikafika paja imakwera m'mwamba, ankatembenukira kumpando wopanda munthu, pakamwa pali potsegula kale. Kenako ankandikalipira kuti ndabweza tepi molakwika. Ndinkawamvera chisoni, ngakhale kuti mlandu unali wawo.

Mwezi utatha abambo anabwera ndi mabatire atsopano, anawaika m'wailesi, n'kupita kubafa kuseri kwa nyumba. Amayi, amene anali asanakhudzepo makasetiwo, anapukuta manja pachitenje n'kutola ya kumapeto ija.

"Ika iyi," anandiuza.

Zimene zinatuluka m'wailesimo sindinazizindikire. Kubuula kuja kunalibe. Gitala inayamba pang'onopang'ono, chingwe chilichonse chikumveka pachokha, kenako inathamanga, ng'oma zikuithamangira pambuyo. Ngakhale amayi anasiya kusankha nyemba.

Abambo anatulukira ndi thaulo m'chiuno, thovu la sopo lili m'khutu.

"Imeneyi mwabwereka kwa ndani? Mwamva nokha, amake mwana? Nyimbo ndi imeneyi."

Amayi anangonyamula chikuto chakuda chopanda kanthu, n'kuchiika patebulo. Abambo anachiyang'ana, anayang'ana wailesi, ndipo anabwerera kubafa kukasambanso.

M'mawa mwake anatenga buluku lawo la kutchalitchi, n'kundisenzetsa m'jumbo. Tinadutsa m'tauni wapansi, dzuwa likuswa mtengo, mpaka ku Chinamwali. A Jafali tinawapeza pakhonde, phazi likupalasa makina.

"Ndabwera ndi buluku," anatero abambo. "Lang'ambika."

A Jafali analitembenuza kunja ndi m'kati, anakoka misoko, anapisa m'matumba. Bulukulo linali labwinobwino. Anawayang'ana abambo pamwamba pa magalasi kwa kanthawi.

"Lang'ambikadi. Khalani pansi, achimwene."

Anasoka modekha pamsoko wosang'ambikawo, kuchokera m'chiuno mpaka kumwendo, abambo akuyang'ana kumsewu ngati kuli chachilendo. Atadula ulusi, abambo anatsokomola.

"Lamulungu mubwere."

"Mabatire ake ati?"

"Atsopano."

Anabweradi. Yakuda inakwezedwa kufika pachiwiri. Pamwamba penipeni ayi, paja munthu wamkulu sagonja zonse tsiku limodzi, ndipo a Jafali anapeza chokanganira kwa zaka zina zambiri.

Masiku ano nyimbo zonse za bambo wa tsitsi uja ndili nazo m'foni, ndipo batire ikamatha sizibuula, foni imangozima. Ana anga aliyense amatseka makutu ndi timawaya take, sadziwa n'komwe chimene mnzake akumvera, choncho m'nyumba muli mtendere wambiri. Abambo ndi a Jafali onse anatisiya, ndipo ndimawasowa kwambiri Lamulungu masana. Nyimbo za makaseti onse asanu ndazimvera mofatsa, pa mphamvu yofanana. Yakuda ndiyo yopambana, ndipo ndilibe woti anditsutse.