Mantha Athu Tinkawayeza ndi Tepi ya Telala

Ndikakumbukira Che Saidi, ndimamva fungo la ayironi ya makala ikagunda nsalu yowazidwa madzi, kautsi kotentha kakukwera m'masamba a mango, phulusa likutera pa mayunifolomu a eni ake, iwo akulipemerera ndi pakamwa podzaza mapini. Anali telala, ndipo shopu yawo inayang'anizana ndi nyumba yathu pa Lupembe. Kwawo kunali ku Mangochi. Anabwera kwathu amama asanakwatiwe, koma Chitumbuka anangophunzirapo moni ndi mawu okanira kutsitsa mtengo, choncho nkhani zathu zonse zinkakhala m'Chichewa, ife tikuponyamo zathu apa ndi apo. Anali aafupi, a kachisoti koyera, ndipo tepi yachikasu yoyezera anthu sinkachoka m'khosi mwawo. Ine ankanditchula Nyamsiska, kutengera mfunda wathu, ngati mayi wapabanja, pomwe ndinali kamtsikana ka Sitandade 4 kokonda makani.

Chaka chimenecho nthaka inagwedezeka kambirimbiri. Kwathu chivomezi timati chindindindi. China chinandipeza ndili ndekha m'nyumba ndikusankha mpunga, khoma linang'aluka ndikuona, njerwa imodzi n'kugwera pakati pa lichero. Sindinavulale ngakhale chala. Mudzi wonse unagona panja kwa masabata angapo, kenako anthu anamata ming'alu n'kubwerera m'nyumba zawo. Ine ndekha sindinabwerere. Ndikangoyandikira chitseko mtima unkagunda mpaka m'makutu. Amama anandimangira chisakasa cha lona kuseri kwa khitchini n'kumagona nane momwemo. Anandipempherera, anandikalipira, anandinyengerera ndi mandasi, koma ayi ndithu. Amalume anati mwanayu mukumulekerera, anandinyamula kuti andilowetse mokakamiza. Chipsera cha mano anga ali nacho pamkono mpaka lero, ndipo amachionetsa pa ukwati uliwonse.

Kusukulu ndinkakhala panja, pansi pa windo, kope lili pamwendo. Aphunzitsi athu, a Mwafulirwa, ankakweza mawu kuti ndizimva. Zinayenda choncho kwa miyezi, mpaka tsiku limene ahedi anaitanitsa amama n'kuwauza kuti mayeso a kumapeto kwa chaka amalembera m'kalasi, ndipo ndikapanda kulowa ndibwereza Sitandade 4. Ndinalira tsiku lonse. Ine amene ndinkapikisana ndi anyamata pa masamu, ndikakhale benchi limodzi ndi msuweni wanga wamng'ono amene ndinkamupukuta mamina!

Kuchipatala chathu chaching'ono kunkabwera nesi wa matenda a maganizo kawiri pamwezi kuchokera kuboma. Amama ananditengera kumeneko, ndipo anandionera panja popeza kulowa ndinakana. Mzere unali wautali, anesiwo ankalankhula Chichewa chothamanga cha kummwera, amama n'kumangoti eya, eya. Pomaliza anajambula makwerero papepala, pa chopondera chilichonse n'kulembapo mawu a Chingerezi. Titafika kunyumba amama anapita nalo pepalalo kwa Che Saidi, amene masiku amenewo ankasokera pansi pa mango.

"Agogo, ine nindapulike makora," anatero amama, kutanthauza kuti sanamve bwino. "Tationerani chimene akufuna apa."

Che Saidi anavala magalasi, analitembenuza pepalalo uku ndi uku, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza pomwe ulusi wakodwa.

"Nkhani yake ndi yosavuta, amayi. Mwanayu akufunika makwerero. Lero apondepo pamodzi, mawa pawiri, mpaka mantha athe."

Anakabwereka makwerero kwa mmisiri wina wokhoma malata n'kuwatsamiritsa pa nyumba yathu. Ine kukwera sindinkaopa, mitengo yonse ya mango pamudzipo inkandidziwa. Ndinawamaliza onse nthawi yomweyo, n'kukakhala pamwamba pa denga ndikugwedeza miyendo.

"Lusungu, khira pasi!" anakuwa amama kuti nditsike, manja ali kumutu.

"Mankhwala agwira msanga awa!" anatero Che Saidi akuomba m'manja. "Tsopano tsikani, Nyamsiska, mulowe m'nyumba."

"Yayi," ndinatero ine. "Pamwamba pano ndi panja."

Anesi atabweranso n'kumva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anati wolakwa ndi iwowo, chifukwa anafotokoza mothamanga ndiponso analemba m'chilankhulo cha eni ake. Ataweruka anabwera okha pansi pa mango paja, anakhala pabenchi la makasitomala n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Anati makwererowo chinali chithunzi chabe. Munthu woopa chinthu samuponyeramo, komanso samusiya kuti azichithawa moyo wake wonse. Amachiyandikira pang'ono, amakhala pomwepo akupuma modekha mpaka thupi lizindikire lokha kuti palibe chachitika, mawa lake n'kusenderanso. Kenako anandifunsa kuti, kuyambira pa ziro kufika pa teni, mantha anga ali pati ndikayang'ana chitseko cha shopu.

"Handiredi," ndinayankha.

"Nanga ukayang'ana pakhonde?"

"Handiredi."

Anesi anakanda m'mutu. Che Saidi anatsegula chitini chawo cha mabatani, anawerenga khumi n'kundipatsa m'manja. Anati ndiike pamakina mabatani olingana ndi mantha anga, otsala ndisunge. Pa chitseko ndinaika onse khumi. Pa khonde ndinaganiza kaye, chifukwa panali batani limodzi lofiira lonyezimira limene sindinafune kulitaya, ndipo ndinaika asanu ndi anayi. Anesi anati imeneyo ndiyo nambala yoyamba yoona imene ndawapatsa.

Atatero anatembenukira kwa Che Saidi, mawu ali pansipansi.

"Nanga inu abambo, shopu yabwinobwino ili apo, bwanji mukusokera pafumbi?"

"Kuwala, amayi. Maso anakalamba."

"Ulusi ukatha amakakutengerani ndani mkatimo?"

Che Saidi anayamba kufunafuna sizasi imene inali m'manja mwawo. Amama ndi amene anayankha kuti amatuma aliyense wodutsa, ndipo pogona amayala mphasa kuseri kwa shopu ati chifukwa cha kutentha, chonsecho inali nyengo yozizira. Kenako madala aja anapisa dzanja m'chitini n'kuika mabatani pambali pa anga, limodzilimodzi, mpaka asanu ndi atatu. Ndinawayang'ana kukamwa kuli yasa. Miyezi yonseyo ndinkaona ngati wamantha pa Lupembe ponse ndine ndekha, ndipo kunena zoona ndinasangalala kwambiri, ngakhale kuti nkhope yawo inali itagwa ndi manyazi.

Mawa lake anavula tepi m'khosi, ine ndinagwira kunsonga, tinayeza kuchokera patsinde la mango kukafika pachitseko. Anakwana matepi khumi ndi awiri. Mayeso anali atatsala masabata asanu ndi awiri. Tinagwirizana kuti tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu tizisuntha makina ndi benchi, tikhale pamalo atsopanowo iwo akusoka, ine ndikulemba za kusukulu, mpaka aliyense achotsepo mabatani osachepera theka la amene anaika. Anesi anali atatisiyira malamulo awiri: osanamizana, osakankhana. Lachitatu tinawonjezera tokha, lakuti mainchesi a tsikulo tizinenerera ngati pamsika.

"Lero mainchesi fote, Nyamsiska."

"Akwera, agogo. Teni."

"Teni? Imeneyo ndi kabudula wa khanda. Bwerani pa sate."

"Twente, ndipo batani lofiira likhale langalanga."

Masiku ena wotsitsa ankakhala iwowo, ine n'kumawaseka kuti kodi telala wamkulu amagula nsalu yochepa chonchi. Makasitomala anayamba kuzolowera kuti telala wawo akuyenda. Mayi wina wogulitsa usipa anabwera kudzatenga chilundu chake, anaima pansi pa mango n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa ngati makinawo amera miyendo. Dzuwa la masana linkatiwamba titachoka pamthunzi, ndiye amama anazika nsungwi ziwiri n'kumangapo chitenje, nachonso n'kumasamuka nafe. Panali masiku oti mabatani ankachedwa kutsika, makamaka titafika pomwe chithunzithunzi cha khoma chinkatigwera. Pamenepo Che Saidi ankasiya kusoka n'kunena kuti tipume ngati munthu wouzira tiyi wotentha wa eni ake, mosamala, osamutaya. Tinkauzira tiyi wosaonekayo mpaka wina aseke, ndipo kawirikawiri woyamba ndinali ine.

Sabata yachinayi tinakwera pakhonde n'kuyamba kulemba mizere pasimenti ndi choko chawo chabuluu. Sabata yachisanu miyendo iwiri ya makina inadutsa pakhomo. Tsiku limenelo ndinali nditakhala mkati, msana uli pafupi ndi chitseko, ndikununkhiza fungo la nsalu zatsopano limene ndinali nditaliiwala, pamene lole yodzaza malasha inadutsa pamsewu. Malata ananjenjemera, mabotolo a mafuta a makina analira pa shelefu. Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji. Ndinangozindikira ndili pansi pa mango, ndipo Che Saidi ndinawapeza atafika kale, chisoti chili m'manja, nsapato imodzi itatsala pakhonde.

"Agogo, mwandisiya!"

"Ndimakakuonerani njira," anatero akupuma mwawefuwefu.

Tinaseka mpaka misozi, koma kuseka kutatha ine ndinayamba kulira zenizeni, chifukwa ndinaona ngati masabata asanu onse apita m'madzi ndipo Sitandade 4 yandigwira mwendo. Anesi atabwera sanadabwe n'komwe. Anati kubwerera m'mbuyo kumachitika, chachikulu tisadikire kuti mantha akulenso, tibwerere tsiku lomwelo pamzere umene tinkaukwanitsa. Anawonjezera kuti tizichita dala kugwedeza zinthu tili mkati, kuti thupi liphunzire kusiyanitsa phokoso wamba ndi chivomezi. Choncho ntchito yanga inakhala kumenya malata a pakhonde ndi nsungwi Che Saidi ali mkati, iwo n'kumamenya ine ndili mkati. Anthu odutsa ankangopukusa mitu. Kwa Che Saidi anesi anapereka ntchito ina ya akuluakulu, yoti asiye kutuma anthu, ulusi ukatha azikatenga okha ngakhale mothamanga.

Anatinso shopu si kalasi, tikayeserenso kusukulu komweko. Loweruka Che Saidi anavala mkanjo wawo wabwino, tinapita kukaonana ndi a Mwafulirwa, ndipo Che Saidi anayeza kuchokera pawindo langa lija kukafika pakhomo la kalasi ngati akuyeza suti ya mkwati. Aphunzitsi anatulutsa desiki imodzi n'kulola kuti izisendera tsiku ndi tsiku. Anzanga poyamba ankandiseka, kenako anayamba kulimbirana kuti aikoke ndani. Pofika Lachisanu lomaliza desikiyo inali mkati, pafupi penipeni ndi khomo, ndipo ahedi anavomera kuti chitseko chikhale chotsegula nthawi yonse ya mayeso.

Tsiku la masamu kunali mwera wamphamvu. Ndinalowa mabatani ali m'thumba la yunifolomu, ndinaika asanu ndi limodzi pakona pa desiki, ndinauzira tiyi wanga n'kuyamba kulemba. Mphepo inkalowa pakhomo paja ndi fumbi ndi zinyalala, inandilanda pepala kamodzi, ndinalitola, inalilandanso ndili pakati pa samu yogawa imene inali itatsala pang'ono kutuluka. Ndinapsa mtima. Ndinadzuka, ndinakankha chitseko chija kuti phwa, n'kubwerera kukamaliza samu yanga. Nditalemba yankho ndi pamene ndinaona kuti m'kalasi mwachita kamdima, ana onse asiya kulemba akundiyang'ana, ndipo a Mwafulirwa aphimba pakamwa ndi rejisitala. Mtima unagunda ndithu, osati pang'ono. Ndinayang'ana khoma, khoma linali chiimire. Ndinatembenuza pepala n'kupita pa funso lotsatira.

Nditaweruka ndinathamanga osaima mpaka kushopu. Che Saidi ndinawapeza atakhala pakhomo penipeni, makina ali mkati, mwendo umodzi uli panja.

"Agogo, ndatseka chitseko! Ndekha!"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, kenako anavula chisoti n'kupukutira m'maso.

"Mwandipitirira, Nyamsiska. Ine atsala mainchesi sikisite kuti ndikafike pa tebulo lodulira. Ndiye musati poti mwakhoza mundithawe."

Sindinawathawe. Ndinapita mu Sitandade 5, chisakasa cha lona amama anachisandutsa khola la nkhuku, koma tchuthi chonse masana aliwonse ndinkakagwira kunsonga kwa tepi. Che Saidi zinawatengera miyezi ina iwiri, ndipo ankanenerera inchesi iliyonse mopanda manyazi.

Pano ndine wamkulu, ndimagwira ntchito m'nyumba yosanja ku Mzuzu. Mantha aja sanathe onse, ndisaname. Ndikalowa m'chipinda chachilendo maso anga amayamba apeza kaye pomwe pali khomo. Ndikaliona ndimakoka mpando, ndimakhala pansi, n'kufunsa anzanga kuti tiyambire pati.