Anandilowetsa M'gulu Ndisanakule

Chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni, ndinauza amayi kuti ine basi, ndikupita ku Joni. Sanandiletse. Ndinakwera minibasi pa Kamwendo ndili ndi kachikwama kamodzi ndi foni yosweka galasi.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto. Ndalama inali yochepa koma inkapezeka, ndipo ina ndinkatumiza kumudzi. Chimene chinkandidya n'kusowa wocheza naye. Anzanga a pantchito ankalankhula zinenero zawo, ine n'kumangoseka nawo ngati chitsiru, osadziwa ngati akuseka ine ndemwe.

Ndiye msuweni wanga Yamikani, amene amakonza mafoni pa Kamwendo, anandiuza za gemu ina ya pa intaneti. M'gemumo umakhala ndi msilikali wako. Ukamapha zilombo amakwera levulo n'kupeza zida, ndipo akalimba umalowa m'gulu lomenyana ndi magulu ena. Yamikani ndiye anali mtsogoleri wa gulu la anyamata a kwathu. Lamulo lawo linali lodziwika: watsopano ayambe wasewera yekha, aidziwe gemu, akule kaye. Ena ankadikira miyezi. Ine anandilowetsa tsiku lomwe ndinayamba.

"Iwe ndiwe m'bale, sungadikire ngati mlendo," anatero.

Ndinasangalala, kupusa kwanga. Msilikali wanga anali ndi kandodo chabe pamene anzake anali ndi malupanga. Nkhondo ikayamba Loweruka, woyamba kufa ndinali ine, kenako mavoisi achipongwe ankabwera motsatizana. Anandipatsa dzina loti Mtembo. Panalibe wondiphunzitsa kanthu. Ntchito yanga inali kutolera gulu mitengo ndi miyala. Koma Lachisanu likafika mawu ankafewa: "Bwana wa ku Joni, tigulireko bandulo, mawa kuli nkhondo." Ndinkagula. Mtima unkapsa, koma kumeneko n'kokha kumene ndinkamva Chichewa cha kwathu, ngakhale chinali chonditukwana.

Malo otsukira magalimoto atatsekedwa, Lachisanu lina ndinalephera kugula bandulo. Loweruka ndinapeza andichotsa. Yamikani anangolemba kuti gulu silisunga ofooka.

Ndabwerako chaka chino, chimanjamanja. Nditapuma pang'ono ndinapita pa benchi ya Yamikani, osati kukamuona, koma kukamuyang'ana m'maso. Ndinamupeza ndi anyamata a gulu lija ali pakhonde la golosale, mitu ili pa mafoni. Anandilonjera ngati ndangochokera pafupi pomwepa ku Ludzi. Panalibe wofunsa kuti ndinkadya chiyani miyezi yonse ya ulova.

Wakabaza wina anaimika njinga n'kuyamba kudandaula kuti wakhala akudikira kulowa m'gulu kuyambira nthawi yodzala.

"Ukule kaye, aise," anatero Yamikani osadzutsa n'komwe mutu. "Kuthamanga sikufika."

Nthawi yomweyo foni yake inalira. Inali voisi ya Madalitso, mnyamata wa m'mudzi mwathu amene wapita ku Joni mwezi wathawu. Ankathokoza kuti amulowetsa m'gulu, chonsecho gemu waiyamba dzulodzuloli. Yamikani anatsinzinira anzake diso.

"Ameneyu wapeza ntchito yothira mafuta m'magalimoto," anatero, onse n'kuseka.

Apa m'pamene ndinamvetsa. Lamulo lodikira ndi la amene ali pakhomo, amene gulu likufuna kuti adzakhale asilikali enieni. Ife owoloka malire amatilowetsa msanga kuti azitikama.

"Ndiwe nkhupakupa, Yamikani," ndinamuuza pamaso pa onse.

"Anakukakamiza ndani?" anayankha, n'kupitiriza kumasula foni ya kasitomala.

Ndinachokapo. Ndili m'njira ndinagula mayunitsi n'kumuimbira Madalitso. Ndinamuuza zonse: za dzina la Mtembo, za mabandulo, za tsiku limene anandichotsa. Ndinati atuluke m'gulumo, asewere yekha mpaka alimbe, kenako akalowe gulu lofuna msilikali wake osati thumba lake.

Kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto ndi anthu olankhula chinenero chachilendo.

"Achimwene, zonsezo ndaziona kale," anatero motsitsa mawu. "Koma ndikatuluka, ndizilankhula ndi ndani kuno?"

Tinangokhala pa foni choncho mpaka mayunitsi anga anatha.