Mbali zitatu za chofunda cha Tadala

Ndinanyamuka kulaini kwathu, pa esiteti pamene bambo a Tadala amagwira ukalaliki, nthawi itakwana naini koloko. Ndinkafuna kunyamuka m'mamawa, koma chiperoni chinaphimba minda ya tiyi mpaka nyumba ya aneba inasowa, ndipo ine mwana sinditulutsa chifunga chisanachoke. Tadala anabadwa masiku asanakwane. Kusikelo anesi anati sakukwera chifukwa mphamvu zake zikuthera polimbana ndi kuzizira. "Muzimufunditsa, amayi," anatero, ngati kuti ine ndimamuyanika pachingwe.

Choncho milungu itatu ndinakhala ndikulumikiza zigamba pamanja: zotsala za kwa telala wa pamsika, shati ya bambo ake yotha kolala, siketi yanga ya kukoleji imene satifiketi yake ikugonabe m'sutikesi. Chinatuluka chinthu chachikulu ngati chitseko. Chinatsala n'kuika bulangete lakale pakati, nsalu ina kunsi, n'kusoka zonse pamodzi. Singano zinathyoka ziwiri. Makina osokera ali ndi azakhali anga, kufupi ndi ku Thekerani.

Njinga yamoto mpaka pa boma inali K2,500. Ndiulule pano kuti wakabazayo ndinamuimitsa katatu kuti ndione ngati mwana akupuma. Ankapuma. Kachitatuko anazimitsa njinga n'kundifunsa mwaulemu, "Mayi, ndi woyamba eti?" Ndinavomera. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza dzina la matenda.

Pa boma ndinatha ola lathunthu kusankha nsalu ya kunsi. Iyi yokhakhala, iyo isuluka, inayo ili ndi nkhope ya munthu. Pomaliza ndinaona yoyera, yosalala, yonyezimira. Wogulitsayo anafunsa kuti ndi ya chiyani. Ndinati ndi ya mwana. Anati, "Pepani mayi," n'kundichotsera K500 ndisanapemphe. Ndinatuluka ndikudzitama kuti ndaphunzira kunenerera.

Minibasi ya ku Thekerani inali K4,000. Kondakitala ankakuwa kuti kwatsala awiri, ndipo awiriwo anatsala mpaka hafu pasiti wanu. Ndinadya mbatata yootcha ndi nthochi ziwiri, Tadala anayamwa. Titanyamuka ndinatseka windo, bambo wina anatsekula, ndinatsekanso. Tinapitirira choncho osalankhulana, tikudutsa minda ya tiyi yongodulidwa kumene, yooneka ngati mitu yometedwa.

Pa Makwasa theka la anthu linatsika, ndiye tinayambanso kudikira awiri ena. Pambali panga panakhala mayi wachikulire, jumbo yodzaza buledi ndi shuga ili pamiyendo. Anasuzumira m'chikwama changa popanda kupempha.

"Mwasoka nokha? Ndiye kunsi kwake?"

Ndinawafotokozera za makina a azakhali, n'kutchula mudzi wao.

"Iii, kumeneko si kwa a Sabata okhaokha? Mwanawe, lero n'lachingati?"

Linali Lachisanu. Ine ndinakulira kwa amayi anga amene amapemphera Lamulungu, ndipo chibadwire Tadala masiku ndimawerenga ndi khadi la kusikelo. Azakhali, dzuwa likangolowa Lachisanu, sagwira ngakhale lumo mpaka litalowanso Loweruka. Kwaoko n'kumapiri, kumazizira kuposa kwathu, ndipo ine ndinangotenga shawelo imodzi poganiza kuti mwana agona m'chofunda chatsopano.

"Adalaivala, tiyeni tizipita, awiriwo tiwapeza kutsogolo," ndinatero. M'mene ndinabadwira ndinali ndisanalankhulepo mokweza m'galimoto. Minibasi yonse inatembenuka. Adalaivala anamaliza kaye chimanga chao.

Ndinafika nthawi itatsala pang'ono kukwana faifi, dzuwa litakhala pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Pabwalo panali posesa, ndiwo za mawa zophika kale, azakhali atasamba, makina atavundikiridwa ndi nsalu ya patebulo. Ndinagwada n'kuyamba malonje. Anandidula.

"Malonje tichita dzuwa likalowa. Mwanayu n'chifukwa chiyani akuzizira ngati botolo chonchi? Tulutsa zimene wabwera nazo."

Ndinayala zigamba zanga pamphasa. Anakoka msoko umodzi, sunang'ambike, sananene kanthu. Kwa azakhali kumeneko ndiye kuyamikira. Ndinatulutsa nsalu yoyera ija. Anaigwira ndi zala ziwiri.

"Iwe, wamwalira ndani?"

"Palibe, azakhali."

"Nanga nsalu ya m'bokosi la maliro wagulira chiyani?"

Ndinamasula Tadala kumsana n'kuika khutu pamphuno pake. Ankapuma.

"Sukulu yonse ija," anatero azakhali, akuiponya pakhonde. "Ngakhale ikanakhala ya ukwati, yoterereka chonchi imazizira ngati mbale. Kunsi kumafuna nsalu yotopa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chao chakale, chosuluka mpaka maluwa ake osadziwika mtundu, chofewa ngati tsaya. Anachiyala pansi, bulangete pamwamba pake, zigamba pamwamba penipeni. Makina tinawatulutsira pakhonde kuti tizionera dzuwa. Iwo ankapukusa chogwirira, ine ndinkakoka nsalu kutsogolo.

Mbali yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri ulusi wa kunsi unatha. Pamene ankaukulunga ndinayang'ana kumapiri, dzuwa linali litakhudza kale nsonga za mitengo. Ndinayesa kuima pakati pa azakhali ndi kumadzulo. Sindikunyadira zimenezi.

"Choka apo, sindiwe phiri."

Mbali yachitatu inatha dzuwa litatsala kachidutswa. Anatembenuza chofunda, n'kuika mbali yachinayi pansi pa singano, n'kukweza maso. Kachidutswa kaja kanapita. Anachotsa dzanja, anadula ulusi ndi mano, n'kuvundikira makina.

"Azakhali, mzere umodzi wokha. Mulungu aona kuti ndi za mwana."

"Aona, n'chifukwa chake ndasiya."

Ndinalira, osati pang'ono. Mphepo inali itayamba kale kukwera kuchokera kuchigwa. Azakhali anandisiya ndilire, kenaka ananyamula chofundacho, n'kutsekula mbali yosasokayo ngati akutsekula thumba la chimanga.

"Bweretsa mwana."

Anamulowetsa miyendo poyamba, pakati pa chitenje ndi bulangete, mpaka m'khwapa, mutu ndi manja zili kunja, zotsalazo n'kumukulungira kumsana.

"Kusoka ndi ntchito," anatero. "Kufunditsa mwana si ntchito. Tsopano, kunyumba mwasiyako bwanji?"

Tinachita malonje. Ine ndinkayankha dzanja lili m'thumbamo, litagwira mapazi a Tadala. Tisanafike pofunsana za bambo ake, mapaziwo anali atafunda, koyamba chiyambire mwezi wa Juni.

Amene mukufuna kukasoketsa ku Thekerani, nyamukani Lachinayi, ndipo wogulitsa nsalu akakupepesani mufunse chifukwa. Mbali yachinayi sitinaisoke, ngakhale Sabata litatha. Azakhali anafunsa ngati aimalize, ine ndinakana.