Dzino la Mvuu M'chitenje cha Amayi

Amuna anga anakhala pachikamwini kwathu, kufupi ndi Lifuwu, m'zaka zija pamene ngakhale pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani. Iwo ankafuna kunditenga chitengwa, tikakhale kwawo ku Chipoka, ndipo inenso mtima unali komweko. Koma amayi ankakana, ati mwana wawo sangapite ndi munthu amene sakumudziwa. Nanga akanamudziwa bwanji? Mwambo sunkalola mkamwini kucheza ndi apongozi aakazi. Akakumana panjira, mkamwini ankayenera kupatuka.

Loweruka masana alenje ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango kwa amalume, aliyense ndi choonetsa chake. Amalume ankatulutsa nyanga ya njati, ndipo njatiyo inkakula chaka ndi chaka akamaifotokoza. Mkulu wina wachisilamu, amene ankawedza ku Mbenji, ankavula malaya kuonetsa zipsera za ng'ona, uku akulumbira. Amuna anga ankangomvetsera, poti agwape ndi nguluwe zawo sizinkawerengedwa pabwalo limenelo. Kunena zoona, zinkandipweteka.

Chaka china mvuu inayamba kutha mpunga wa amayi. Boma litalola kuti iphedwe, amuna anga anaibisalira m'bango m'mamawa, naiwombera itatsala pang'ono kuwaponda. Mudzi wonse unadya nyama mpaka kuikana. Amuna anga anangotenga dzino limodzi lalikulu lopindika, nalikwecha ndi mchenga mpaka kuyera mbee.

Loweruka lake anavala malaya awo a kutchalitchi, dzino kukhwapa, ine pambuyo, ulendo wa kwa amalume. Tikudutsa kanjira ka pakati pa minda, tinangoona amayi akubwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Bambo wopha mvuu uja anadumphira patchire osayang'ana pogwera, dzino n'kutsala panjira. Tsoka ilo, pamene anagwerapo panali chitedze. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Amayi anatula nkhuni, natola dzinolo, naliyesa kulemera m'manja, n'kulikulunga m'chitenje. Sanandiyang'ane n'komwe. Analunjika kumtengo wa mango.

Amuna anga sakanafika pamene panali apongozi awo. Anaima kuseri kwa nkhokwe akudzikanda, kumvetsera nkhani yawoyawo ikufotokozedwa ndi munthu amene kudamboko kunalibe. Amayi anagwada pambali mwaulemu, nayala dzino pamphasa, n'kuyamba. Mvuu yawo inali yaikulu kuposa bwato la anthu khumi, ndipo ikayasamula munthu ankatha kuimirira m'kamwa mwake. Anaikulitsa mpaka amalume anayamba kutsokomola, nabisa nyanga yawo kuseri kwa mpando. Msodzi uja anavala malaya ake mwakachetechete.

Amayi atamaliza anatembenukira kwa amalume, poti ndiwo anali eni mbumba.

"Achimwene, munthuyu mvuu sanaithawe, koma ine wandithawa mpaka kugwera m'chitedze. Ulemu wotere sindinauonepo. Mwanayu amutenge."

Ndinakondwa mpaka misozi inatuluka. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuomba m'manja kothokoza, kodukizadukiza chifukwa mwiniwake ankasiya kaye kuti adzikande.

Tinasamuka mpunga utakololedwa. Dzino lokha amayi anakana kubweza, ngakhale ndinatumidwa kangapo kukalipempha. Anati poti mwana wapita, china chitsale. Analipachika pamwamba pa chitseko chawo, ndipo linakhala pomwepo mpaka tsiku limene anatisiya.